Chipala Chatsopano ku Durban: Mvukuto Uli M'manja mwa Yani?

Pali mawu awiri a Chingerezi amene akhala akumveka m'nkhani za maphunziro ndi chitukuko kuno ku South Africa kwa zaka pafupifupi 20, ndipo onse awiri alibe dzina lokhazikika m'Chichewa: Fab Lab ndi makerspace. Onsewa amanena za malo amene munthu wamba angalowe ali ndi ganizo m'mutu, n'kulijambula pa kompyuta, kompyutayo n'kulamula makina kuti adule, aseme kapena aumbe chinthucho. Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho ndikakumana ndi chinthu chopanda dzina ndimayamba ndadzifunsa kuti makolo athu akadachiona akadachitcha chiyani. Dzina limene ndakhazikika nalo ndi lakuti chipala.

Pa chipala sipankakhala munthu mmodzi. Padali mmisiri wosula. Padali mnyamata wovukuta mvukuto, amene ankaphunzira ntchito ndi maso uku manja ali kalikiliki. Padalinso mlimi amene wabwera ndi khasu lobuntha kapena nkhwangwa yothyoka, atakhala pambali n'kumanena mmene akufunira kuti chipangizo chake chikhalire. Mukachotsapo mmodzi mwa atatuwa, chotsala ndi moto ndi chitsulo basi. Umenewu ndiwo muyeso umene ndikufuna kuyesera zipala zamakono za mumzinda wa Durban. Ndikukhulupirira kuti malowa angathedi kusintha kaphunziridwe ka ana athu. Koma mphamvu yochitira zimenezo ili mwa mmisiri woima pambali pa makina, m'chilankhulo chimene akuphunzitsira, ndi m'vuto limene wabwera nalo munthu wa khasu lobuntha uja. Tsoka lake, zitatu zimenezi ndizo zimamanidwa ndalama ndi chidwi, pomwe makina amajambulidwa zithunzi.

Nkhaniyi idayambira ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. Mu 1998 Pulofesa Neil Gershenfeld adayamba kuphunzitsa phunziro la momwe munthu angapangire pafupifupi chinthu chilichonse. Iye ankayembekezera ophunzira ochepa a uinjiniya, koma amene adakhamukirako ambiri adali ojambula, olemba mapulani a nyumba ndi ena ongofuna kudzipangira kanthu kamene sikagulitsidwa m'sitolo. Kuchokera pamenepo padabadwa ganizo lotengera makina omwewo kwa anthu wamba. Chipala china choyambirira chidatsegulidwa ku Vigyan Ashram, m'mudzi wa Pabal ku India, mu 2002, ndipo cha ku Takoradi ku Ghana chidatsatira mu 2004. South Africa sidachedwe. Kuyambira mu 2005, unduna wa sayansi ndi luso pamodzi ndi bungwe la kafukufuku la CSIR udathandiza kukhazikitsa zipala ku Pretoria, ku Soshanguve, ku Cape Town, ku Bloemfontein ndi ku Potchefstroom. Lero zipala zotere zaposa 2,000 m'maiko oposa 100.

M'kati mwake mumapezeka makina amitundu ingapo. Muli makina a laser, odula katoni, chikopa, pulasitiki ndi matabwa opyapyala pogwiritsa ntchito kuwala kotentha. Muli makina osema a CNC, amene mpeni wake umazungulira n'kumatsata mzere umene kompyuta yalamula. Muli pulinta ya 3D, imene imasungunula ulusi wa pulasitiki pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 200 n'kumauyala mzere pamwamba pa unzake, monga amachitira woumba mbiya poyala dongo, mpaka chinthu chitaima. Mulinso tebulo la zamagetsi, pomwe ana amalumikiza mawaya ku kabolodi ka Arduino kuti nyale iyake kapena kamota kazungulire. Pangano limene zipalazi zimatsatira, lotchedwa Fab Charter, limafuna kuti khomo likhale lotsekukira anthu wamba, ndi kuti aliyense wogwiritsa ntchito makina awasamale ndiponso alembe zimene waphunzira kuti ena apindule.

Ku Durban ganizoli lafika kudzera m'makomo atatu osiyana. Loyamba ndi la anthu odziyambira okha: The MakerSpace, imene adayambitsa injiniya Steve Gray ndipo idadziwika kwambiri ili ku Station Drive, dera la nyumba zakale za mafakitale lomwe amisiri achinyamata ndi ojambula adalidzutsanso. Lachiwiri ndi la khonsolo: bungwe la Innovate Durban, lomwe lidabadwa kuchokera ku khonsolo ya eThekwini, lidatsegula Innovation Co-Lab ku Cato Manor. Lachitatu ndi la sukulu ya ukachenjede: mu Disembala 2019, Durban University of Technology idatsegula Luban Workshop mogwirizana ndi sukulu ya ntchito zamanja ya ku Tianjin ku China. Dzinalo ndi la Lu Ban, kalipentala wa makedzana amene Atchaina amamulemekeza ngati kholo la amisiri.

Pa atatuwa, la ku Cato Manor ndilo limandikhudza kwambiri, chifukwa cha nthaka imene laimapo. Dera limeneli, lomwe eni ake amalitcha Umkhumbane, lili pafupi ndi pakatikati pa mzinda, kumunsi kwa chitunda chomwe pali University of KwaZulu-Natal. Boma la tsankho lidalengeza kuti deralo ndi la azungu, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anthu adasamutsidwa mokakamiza kupita ku KwaMashu, ku Umlazi ndi ku Chatsworth. Ulamuliro womwewo udali utakonza kale malamulo onena za yemwe angagwire chipangizo chiti. Lamulo la Apprenticeship Act la 1922 lidaika mlingo wa sukulu umene udatsekera kunja pafupifupi achinyamata onse akuda ofuna kuphunzira umisiri. Lamulo la 1951 lidalola munthu wakuda kugwira ntchito yaumisiri womanga m'madera a anthu akuda okha. Bantu Education Act ya 1953 idakonza sukulu yophunzitsa mwana wakuda kunyamula njerwa, osati kuwerengetsa khoma. Khomo la umisiri lidadzatsekuka mwalamulo cha m'ma 1980. Choncho mtsikana wa ku Cato Manor akamaima pa makina a laser lero n'kumawalamula, pali ngongole ya agogo ake imene ikubwezedwa pang'ono. Wotsutsa zipalazi aliyense ayambe wavomereza zimenezi.

Ubwino wachiwiri uli m'kaphunzitsidwe. Ganizo limene zipalazi zaimapo lidachokera kwa mwana wa dziko lomwe lino. Seymour Papert adabadwira ku Pretoria mu 1928, adaphunzira ku Wits, adatsutsa tsankho ali mnyamata, kenako adakagwira ntchito ndi Jean Piaget ku Geneva asadapite ku MIT. M'buku lake la 1980 lotchedwa Mindstorms ndi m'zolemba zake zotsatira, iye adaphunzitsa kuti mwana amamvetsa bwino pamene akupanga chinthu chooneka, chimene anzake angachigwire, kuchiseka kapena kuchikonza, ndi kuti cholakwa ndi uthenga wouza wophunzira poyenera kuyang'ana.

Ife amene tidadutsa m'sukulu za kuloweza, kaya tidalemba matric kaya MSCE, tikudziwa kuti kumeneko cholakwa chimabwera ndi cholembera chofiira ndi manyazi. Mwana amaphunzira msanga kuti kukhala chete n'kotetezeka kuposa kuyesa. M'chipala zinthu zimayenda mwina. Tiyerekeze mwana amene wajambula kabokosi kolumikizana mano ndi mano. Makina adula, koma zidutswa zikukana kulowana chifukwa adaiwala kuti thabwalo ndi lochindikala mamilimita atatu. Palibe amene akufunika kumuuza kuti walakwa, bokosilo lanena kale. Atenga rula, ayeza, asintha nambala, adulanso. Masamu a madesimo amene ankamuzunguza pa bolodi tsopano ali m'manja mwake, ndipo mtengo wa kulakwitsako ndi kachidutswa ka thabwa ndi mphindi khumi. Mphatso yaikulu ya makinawa ndi imeneyi: atchipitsa kulakwitsa. Kwa mwana wa m'banja losauka, amene kunyumba kulakwitsa kumatanthauza kuwononga chinthu chimene sichidzagulidwanso, mphatsoyi si yamasewera.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katswiri wa maphunziro wa ku Brazil, Paulo Blikstein, amene adathandiza kulowetsa zipalazi m'sukulu, adachenjeza mu 2013 za matenda amene adawaona ndi maso ake. Ana akangophunzira kudula kokolekera makiyi kolembedwa dzina lawo, safunanso china. Amadula ka mayi, ka chibwenzi, ka timu ya mpira. Chinthucho chimatuluka chosalala ngati cha m'sitolo, aliyense amayamikira, ndipo kuphunzira kumathera pomwepo. Matendawa ndi okoma kwa onse: mwana wasangalala, mphunzitsi ali ndi choonetsa, wopereka ndalama wapeza chithunzi cha lipoti. Pulogalamu ya masiku awiri ya patchuthi, imene basi imabweretsa ana 40 n'kuwabweza aliyense atanyamula kachidole ka pulasitiki, singabale zoposa pamenepa. Ana aja aona chipala, koma mvukuto sadaugwire.

Kuti mwana apitirire kokolekera makiyi pamafunika munthu wamkulu amene alipo Lolemba, alipo Lachinayi, adzakhalaponso chaka chamawa. Wodziwa kufunsa funso lovutirapo ndi kudziletsa kuti asalande ntchito m'manja mwa wophunzira. Munthu wotere amafuna malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo malipiro sadulidwa riboni. Opereka thandizo amakonda kugula zinthu zowerengeka. Zida zimene Fab Foundation imalangiza kuti chipala chokwanira chikhale nazo zimadya madola pafupifupi 100,000 a ku America, koma kugula ndi tsiku limodzi. Chubu cha laser chimatha mphamvu. Kamlomo ka pulinta kamatsekeka. Ulusi umatha. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, kaya mlendoyo wachokera ku Boston kaya ku Tianjin. Chimene mwambiwo sudanene n'chakuti kalumo kamabuntha, ndipo mlendo akapita pamafunika mwini mudzi wodziwa kunola.

Ngakhale ulusiwo uli ndi nkhani yake. Umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri, wotchedwa PLA, umapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe. KwaZulu-Natal ndi dziko la nzimbe, ndipo dzina la Illovo limene Amalawi amaliwerenga pa paketi ya shuga ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa ndi la mtsinje wa kummwera kwa Durban. Koma mafakitale akuluakulu osandutsa mbewuzi kukhala PLA ali kutali, monga ku Nebraska ndi ku Thailand. Timalima nzimbe, n'kumaitanitsa pulasitiki wa nzimbe kudzera padoko. Onjezanipo magetsi. Pulinta ya 3D ndi yochedwa, kanthu kokwana m'dzanja kamatha maola angapo, ndipo magetsi akazima pakati ntchito yonse imatha kuwonongeka. M'chaka cha 2023 magetsi a Eskom ankazima pafupifupi tsiku lililonse. Wowerenga wa ku Malawi akukumbukira mdima umene udatsatira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Amene amalonjeza kuti makinawa adzatimasula ku katundu wa kunja azitiuzanso za chingwe chimene makinawo amangiriridwa nacho.

Chodandaula changa chachikulu, komabe, chili pa mawu amene amalembedwa pa zikwangwani zonse za malowa: innovation. Tikamasulira timati luso latsopano kapena nzeru zatsopano. Mawuwa akamanenedwa pa mwambo wotsegulira chipala amamveka ngati luso likufika kumene mumzindamo, litakwera ndege. Koma aliyense wotsika sitima pa Berea Station amalowa pakati pa Warwick Junction, pomwe anthu oposa 400,000 amadutsa tsiku lililonse ndipo ochita malonda oposa 5,000 amapeza chakudya chawo m'misika isanu ndi inayi. Pamenepo pali amayi ophika mitu ya ng'ombe, ophika chimanga chachiwisi m'migolo, osoka madiresi ndi zovala za tchalitchi, oluka mikanda, okonza mafoni ndi nsapato, ndi anyamata a ngolo zopangidwa ndi mateyala otoledwa. Aliyense wa iwo adathetsapo vuto la kapangidwe ka chinthu popanda kompyuta. Mumzinda womwewu mudakulira luso loluka madengu a waya wa telefoni otchedwa izimbenge, limene alonda a usiku adalikulitsa potengera kalukidwe ka zivundikiro za mbiya za mowa, ndipo lero madenguwo amagulitsidwa kunja kwa nyanja. Mu 2009 khonsolo idafuna kumanga sitolo zikuluzikulu pamalo a Early Morning Market. Ochita malonda adakana mpaka kukhoti, ndipo ganizolo lidasiyidwa. Mzinda umene umalipirira luso mbali ina udatsala pang'ono kuligumula mbali inayo.

Ku Warwick komweko kuli bungwe limene sindidalimvepo likudzitcha Fab Lab, koma limene kwa ine likufanana kwambiri ndi chipala cha makolo. Asiye eTafuleni, kutanthauza kuti tiyeni ku tebulo, lidakhazikitsidwa mu 2008 ndi Richard Dobson, katswiri wa mapulani a nyumba, pamodzi ndi Patric Ndlovu. Kagwiridwe kawo ka ntchito kamayamba ndi kukhala pansi ndi mwini vuto. Agwirapo ntchito ndi otola makatoni pokonza ngolo zokankhika bwino mumsewu, ndiponso ndi ophika chimanga pofuna mbaula yochepetsa utsi ndi ngozi zopsa ndi madzi otentha. Amapanga choyesera, mwini ntchito amachigwiritsa ntchito masiku angapo, amabwera n'kunena pomwe chikulephera, amakonzanso. Ndi njira ya Papert yomwe ija, koma mlimi wa khasu lobuntha wakhala pampando wake. Chimene ndimalakalaka n'chakuti njira yochokera ku Warwick kupita ku makina a ku Cato Manor kapena a ku DUT ikhale yopondedwa mpaka udzu utaleka kumera.

Nkhani zimene oyendetsa zipala amakonda kufotokoza zimagwirizana ndi mfundo imeneyi tikaziwerenga bwino. Mu 2011 kalipentala wa ku Johannesburg, Richard van As, adaduka zala ndi sowo. Adalumikizana pa intaneti ndi Ivan Owen wa ku America, wopanga zidole zoyenda ndi zingwe, ndipo awiriwa adayamba kupanga zala zogwirira ntchito. Pambuyo pake adapangira dzanja mwana wa zaka zisanu amene adabadwa wopanda zala, n'kuika mapulani ake pa intaneti mwaulere. Dzanjalo, lotchedwa Robohand, limatchulidwa ngati chozizwitsa cha pulinta ya 3D. Koma pulinta idabwera kumapeto, mu 2013, ntchito itayamba kale ndi zitsulo, zingwe ndi mabawuti. Poyamba padali mmisiri, vuto lomupweteka, ndi mnzake womvana naye.

Chimodzimodzi kwathu ku Malawi. Makina othandiza makanda obadwa masiku asadakwane kupuma adapangidwa ndi ophunzira a Rice University ya ku Houston mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo oyambirira ankagwiritsa ntchito mapampu a m'mabokosi owetera nsomba. Kafukufuku wa pachipatalapo adaonetsa kuti makanda 71 pa 100 alionse amene adaikidwa pa makinawa adapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 amene adalandira mpweya wa masiku onse. Ubale umenewo udabala malo opangira zinthu pa Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, pomwe ophunzira amatha kuyenda wapansi kukaona vuto m'wodi n'kubwerera kukaliyesera yankho. Chipala chimenecho chili ndi mwayi woyandikana ndi mwini vuto. Ndipo makina aja adapatsidwa dzina limene mayi wa ku Ndirande amalimva popanda womasulira: Pumani.

Apa ndafika pa nkhani ya chilankhulo. Anthu ambiri a mu eThekwini amalankhula isiZulu kunyumba. Mapulogalamu ojambulira pa kompyuta, malangizo a makina, mavidiyo a pa YouTube ndi maphunziro a Fab Academy, pafupifupi zonse zili m'Chingerezi. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 adapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Giredi 4 ku South Africa sangathe kuwerenga momvetsa m'chilankhulo chilichonse. Pa nthawi yomweyo boma lakhala likulowetsa phunziro la makodi ndi maloboti m'sukulu za pulayimale. Mwana amene akulimbana ndi kuwerenga tikumuuza kuti akwere mapiri awiri nthawi imodzi, la makina ndi la Chingerezi, ndipo akagwa timati alibe mutu wa sayansi.

Ena amati zilankhulo zathu zilibe mawu a zinthu zimenezi. Amene amanena choncho sadaimepo pa galaja ya ku Biwi kapena pa akalipentala a ku Mchesi ku Lilongwe. Amakaniko athu adatenga sipanala, bawuti, giya ndi injini n'kuziveka zovala za Chichewa kalekale, ndipo pomwe mawu adalipo kale adawapatsa ntchito yatsopano: kuwotcherera, kukhoma, kupala, kusungunula. Palibe komiti imene idawalamula. Mawu a ntchito amabadwira pantchito, pamene anthu awiri akufunika kumvana msanga chitsulo chisadazizire. N'chifukwa chake chipala chingathe kukhala malo abwino koposa obadwira mawu a sayansi m'isiZulu kapena m'Chichewa, malinga ngati wophunzitsa aloledwa, ndipo alimbikitsidwa, kuphunzitsa m'chilankhulo cha ophunzira ake. University of KwaZulu-Natal idalamula kuti kuyambira mu 2014 ophunzira ake a digiri yoyamba aziphunzira isiZulu, ndipo yakhala ikusonkhanitsa mawu a maphunziro osiyanasiyana m'chilankhulocho. Akatswiri a mawu ali pachitunda, makina ali kumunsi kwake. Fab Charter imafuna kuti wophunzira alembe zimene wapeza. Sidanene kuti alembe m'Chingerezi.

Nkhani ya William Kamkwamba imatiphunzitsa zomwezi. Mu 2002, ali ndi zaka 14, atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala, adamanga makina a mphepo opanga magetsi kwawo ku Masitala, kwa Wimbe ku Kasungu. Buku limene lidamutsegula maso, Using Energy, adalipeza mu laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale, ndipo chifukwa Chingerezi chidali chomuvuta, ankadalira kwambiri zithunzi. Zipangizo adatola ku dzala la zitsulo: chopemerera cha thirakitala, mafupa a njinga, mapaipi a pulasitiki. Poboola ankatenthetsa msomali pamoto. Dziko lidamudziwa mu 2007 pa msonkhano wa TED ku Arusha. Timakonda kuimva nkhaniyi ngati umboni woti waluso amatulukira yekha. Ine ndimaimva ngati mlandu: mnyamata uja adataya miyezi pa zinthu zimene chiboolero chimodzi ndi mkulu mmodzi womufotokozera m'Chichewa akadazithetsa tsiku limodzi. Funso loyenera kufunsa chipala chilichonse n'lakuti kodi Kamkwamba wa 2002, wopanda nsapato zabwino, wopanda satifiketi, amene anthu ankamuti wapenga, akadaloledwa kulowa?

Ku Durban funso limeneli lili ndi nkhope zodziwika. Achinyamata oposa 40 pa 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 34 amene akufuna ntchito m'dziko lino sakuipeza. Kwa wa ku Umlazi kapena ku Inanda, khomo laulere limakhala ndi mtengo wa minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwerera. Mayi wogulitsa pamsika sangasiye benchi lake masana, ndipo chipala chotseka 4 koloko chamutsekera kunja popanda kumukaniza. Palinso abale athu Amalawi, amene ambiri a iwo ndi atelala, owotcherera zitsulo ndi akalipentala m'tizipinda ta mumzindawu. Telala amene amadula nsalu ndi sizasi tsiku lonse angapindule ndi makina a laser kuposa mwana wodula kokolekera makiyi, ndipo ali ndi zambiri zoti aphunzitse za momwe chinthu chophwatalala chimasandukira chovala thupi. Koma mapulogalamu oyendera ndalama za boma kawirikawiri amafuna chiphaso cha nzika, ndipo munthu amene akukumbukira misasa ya ku Isipingo ndi ku Chatsworth ya mu Epulo 2015, kapena kuthamangitsidwa kwa Amalawi ku Burnwood mu Malichi 2019, salowa msanga pakhomo lolembetsa maina. Mzinda umataya luso limeneli mwakachetechete.

Sindikunena kuti kachipinda ka makina asanu kathetse ulova, tsankho ndi mavuto a magetsi. Amene amayendetsa malowa nthawi zambiri ndi anthu ochepa otopa, amene amalemba makalata opempha ndalama usiku n'kumakonza pulinta m'mawa. Mu 2020, katundu wa kunja atasiya kufika chifukwa cha Covid-19, anthu otere m'mizinda yambiri ya South Africa adayatsa makina awo n'kupanga zotchinga nkhope za ogwira ntchito m'zipatala. Miyezi imeneyo idaonetsa zimene zipala zingachite vuto likakhala lenileni ndipo mwini vuto akudikira pakhomo. Kudandaula kwanga kukupita kwa amene amapereka ndalama ndi kulandira malipoti, chifukwa chimene iwo amawerenga ndicho chimene chimachitika. Akawerenga mitu ya ana amene adutsa, adzapeza mabasi. Akawerenga makampani atsopano, adzapeza achinyamata odziwa kulankhula pamaso pa oweruza mipikisano.

Ndikadakonda atawerenga zina. Ndi ophunzira angati amene adabweranso kachisanu popanda wowatuma? Ndi zinthu zingati zowonongeka za anthu oyandikana nawo, kaya chogwirira cha mashini osokera, kaya teyala la njinga ya olumala, kaya chotsekera mpope wa madzi, zimene zidalowa zakufa n'kutuluka zamoyo? Makina akawonongeka, amawakonza ndani, ndipo amakhala kutali bwanji? Ndi amisiri angati a ku Warwick amene adalipidwapo kuti adzaphunzitse, m'malo moitanidwa kuti adzaphunzitsidwe? Ndi masamba angati a malangizo amene alembedwa m'isiZulu? Mafunso amenewa safuna makina atsopano. Amafuna malipiro a mmisiri kwa zaka zisanu, ndalama ya minibasi, khomo lotsekula madzulo ndi Loweruka, ndi womasulira mmodzi wokhala pambali pa wophunzitsa.

Ku Malawi, komwe makoleji a ntchito zamanja a m'madera akhala akutsegulidwa kuyambira mu 2015 ndipo nkhani ya makina a 3D yayamba kumveka m'misonkhano, tili ndi mwayi woona za ku Durban tisadagule kanthu. Okhoma zidebe a ku Ndirande, akalipentala a ku Mchesi ndi ana opanga magalimoto a mawaya m'mudzi uliwonse alipo kale. Tsiku limene nduna idzabwere kudzadula riboni ya chipala chatsopano, wina adzafunse kuti mwa amisiri amenewa ndani adafunsidwa pomwe chimangidwe, ndipo ndani wapatsidwa kiyi.